Poimira

Lolemba magetsi athima seveni isanakwane.
Makompyuta makumi anayi angoti duu m'chipinda,
ine ndatola choko.
Ndikuphunzitsa a chaka chachiwiri
za pulogalamu yodziitana yokha.
Imadziitana, n'kudziitananso,
ulendo uliwonse ntchito itachepako pang'ono,
mpaka ifike poimira.
Ikafika apo imabwerera m'mapazi mwake
yankho lili kumanja.
Mukaiwala kuiikira poimira, ndikuwauza,
idzapita osabwerako
mpaka makina atakomoka.

Shuvai, wa pampando wakutsogolo, akulemba.
Enawo maso ali pa foni.

Bambo anga ananyamuka ku Ntcheu ndi sutikesi yachitsulo.
Ankati zaka ziwiri zokha,
apeze njinga ndi malata khumi.
Anaphikira azungu ku Avondale zaka makumi atatu,
kwawo ankawatchula kuti mtchona,
ndipo lero agona ku Warren Hills,
mutu sunaloze n'komwe ku Ntcheu.
Izi sindiwauza ophunzira.
Sizili pa silabasi.

Chindisankhireni kukhala mkulu wa dipatimenti
dzina langa lili pachitseko, Dr. E. Kalilangwe,
ndipo wobwera aliyense amalipunthwa.
Masana ndi amisonkhano.
Dizilo wa jenereta, inki ya pulinta,
makalasi awiri apatsidwa chipinda chimodzi ola lomwelo.
Pulofesa Zinyemba ayankhula mphindi makumi asanu
za yemwe azisunga kiyi wa labu.
Tagwirizana kuti tikhazikitse komiti.
Ndasaina mafomu mpaka siginecha yanga
yasanduka nyongolotsi.

Mu dirowa yam'munsi muli kafukufuku wanga,
chaka chachinayi tsopano:
njira za makombi, kuchoka ku Mbare kukafika ku Mount Pleasant,
yachidule ndi iti mvula ikagwa,
apolisi akatchinga pa mlatho.
Owunika a kutsidya kwa nyanja anayankha kuti
nzeruyo ndi yabwino koma manambala achepa.
Ndikanawakweza kombi ya faifi koloko
akanawaona manambalawo, anayi anayi pampando,
wachisanu atapachikika pakhomo.

Jakaranda wayamba kuyoyoka pa msewu wa Second,
ndiye kuti mayeso ali pafupi,
ndiye kuti makalata ayamba.
Chaka chino ndalemba makumi awiri ndi atatu.
Ndikumudziwa wophunzirayu, ngwakhama, mulandireni.
Cape Town, Dublin, Toronto.
Ndimawasula ngati makasu
kuti akalime minda ya eni.
Sindidandaula mokweza:
malipiro anga amatha mwezi uli pa khumi,
ndiwauze kuti atsalire chiyani?

Lachisanu Shuvai wagogoda.
Fomu ili m'manja, wavala nsapato za kutchalitchi.
Akuti, Madamu, ndi zaka ziwiri zokha,
ndidzabwera kudzaphunzitsa kuno.
Ndayang'ana pawindo kanthawi.
Kunja mnyamata akusesa maluwa,
ena akugwa pomwe wasesa kale.
Ndasaina. Ndadinda chidindo.
Inki yake yatsala pang'ono kuuma,
ndachita kuuzira mpweya.

Usiku ku Mufakose ndikuchonga mapepala pa kandulo.
La Shuvai ndi lachisanu ndi chiwiri.
Funso lachitatu wakhoza lonse,
poimira waika pa mzere woyamba penipeni
monga ndinawaphunzitsira.
Ndampatsa khumi pa khumi.
Cholembera chofiira chaima m'malere,
ndikufuna kuwonjezera mawu m'mphepete,
koma malo ake ndi a malikisi basi.

Teni koloko magetsi abwera.
Firiji yatsokomola, agalu a kwa Mai Mutasa auwa.
Ndatsegula laputopu,
kafukufuku uja ali pomwe ndinamusiya mu Epulo,
kamzere kakuphethira kumapeto kwa chiganizo chosatha.
Mawa eyiti koloko kuli komiti ya kiyi.